Kachitseko ka m'Chitsulo

Kuchokera pakhomo la antchito kukafika pakona pamene a Vili ankagwirira ntchito pali masitepe makumi anayi ndi awiri, ndipo chaka chimenecho mkuluyo anali atayamba kupumira pakati. Ankaima n'kumapisa m'thumba ngati asowa kiyi, kuti wodutsa asawafunse za mawondo. Dzina lawo la pachiphaso ndi Vilmos Bakos, koma m'nyumba ya opera, ya masewero oyimba ija, ya m'tauni mwathu muno mukatchula limenelo anthu angokuyang'anani kukamwa. Nenani kuti amalume Vili a Chitsulo, ngakhale mayi wosesa akulozerani.

Chitsulocho ndi chikhoma chija chimatsika kuchokera kudenga n'kutseka siteji yonse, kuti moto ukabuka uko kuli nsalu ndi matabwa usafike kwa oonerera. Moto sunabukepo. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi a Vili anadikira moto umene sunabwere, akukweza chitsulo sewero lisanayambe, likatha n'kuchitsitsa. Ntchito yake inali yomweyo: chogwirira chimodzi, belu limodzi, ndi kampando kopanda chotsamira.

Koma musafulumire kunyoza. Pakati pa chikhomacho pali kachitseko, kongokwana munthu mmodzi atawerama pang'ono, ndipo palibe woyimba m'Hungary muno amene salota akutulukira pamenepo. Anthu athu akakondwa sawomba m'manja mwachisawawa nthawi yaitali. Amayamba aliyense kwake, kenako popanda wowauza manja onse amagwirizana, pha! pha! pha! ngati a munthu mmodzi. Chitsulo chikatsika iwo adakakamirabe, woyimbayo amatsegula kachitseko kaja n'kutuluka yekha kukawerama. Timati vastaps, m'manja mwa chitsulo. Ena amayimba mpaka imvi mbuu osalawako.

Chimene oyimba sakonda kuvomera n'chakuti theka la ulemu umenewu lili m'dzanja la wotsitsa chitsulo. A Vili ankati m'manja muli ngati mkaka uli pamoto: ukafulumira sunawire, ukachedwa wataika. Ukatsitsa anthu asanagwirizane amamvera ngati ana a sukulu, n'kuyamba kuganiza za majasi awo amene anasungitsa polowera ndi basi yopita kunyumba. Ukachedwa, manja atopa kale. Koma ukatsitsa pomwe angogwirizana kumene, ha! Mhungary ukamuuza kuti dzipita kwanu ndiye wamukhazika pansi. Makani basi.

"Mdani wa woyimba si chimfine," ankatero a Vili. "Ndi jasi."

Pakona pawo paja oonerera saoneka. Zonse ankazichita ndi khutu, ndipo m'zaka zonsezo palibe amene akanaloza tsiku limene anaphonya. Mayi Jolán, amene amalamula zonse za kuseri kwa siteji ndipo ngakhale oyimba otchuka amamuopa, ankapereka chizindikiro pa nyali, pa nsalu, pa chilichonse. Pa chitsulo pokha ankangopinda manja n'kuwasiya amalume.

Akazi awo, a Aranka, anawapeza m'nyumba yomweyi. Anabwera ali mtsikana kuchokera kumudzi wina wa kuchigwa, ndi sutikesi yomanga ndi lamba, n'kulowa m'kwaya. Analowa osatulukamonso: mzere wachiwiri, wachitatu kuchokera kumanzere, zaka makumi atatu ndi zitatu. Pa siteji anakhalapo mlimi, sisitere, mlendo wa paukwati, mayi wolira maliro a mfumu. Anafapo ndi mliri kangapo konse n'kudzuka kukagwira basi. Gawo lalikulu limene anapatsidwapo linali la wantchito wa m'nyumba yemwe amalowa ndi mbale yasiliva n'kuyimba mawu atatu: "Bwana, kwabwera kalata." Mpaka lero wa positi akafika pamdadada wathu, anthu amayimba mawu atatuwa ali pamawindo, ndipo a Aranka amawaopseza ndi tsache.

Kachitseko kaja ankakadziwa chakumbuyo. Ankaima pamenepo atanyamula shawelo kapena kapu ya madzi ya mnzawo amene watulukira kunjayo. A Vili ankawaona, n'kuyang'ana kumbali. Zinali choncho chifukwa kalekale, asanakwatirane n'komwe, akudya buledi wopaka mafuta a nkhumba atakhala pabokosi la zingwe, Aranka analoza kachitsekoko ndi chibwano.

"Tsiku lina mudzanditsegulire ine pamenepo."

"Inu ingoyimbani," anayankha Vili wa masiku amenewo, wa tsitsi lakuda bii. "Chitsulo ndisiyireni ine."

Sanaikambenso nkhaniyi. Pali mawu ena amene m'banja amangokhala ngati mpando wothyoka mwendo: suutaya, suukhalira. Koma Lolemba lililonse a Vili ankathira oyilo m'mahinjesi a kachitsekoko, kwa ena onse, ndipo zinkawawawa.

Ndiye panafika chaka chomwe a Aranka amapuma pantchito. Disembala akangotha, basi.

Pa 7 Novembala timakumbukira Tsiku la Opera ya Chihungary, tsiku limene anabadwa mkulu uja anapeka nyimbo ya fuko. Kwa a pawailesi ndi tsiku lalikulu. Kwa a kuseri kwa siteji ndi tsiku la msana. Mbendera zikwezedwe, nkhata za maluwa zinyamulidwe, mipando yowonjezera, zoyankhulira zisanu zomwe ziwiri zokha ndizo zimagwira. Kenako akuluakulu amasinthana kulankhula za cholowa cha makolo athu, pamene amene amachisenza pamapewa cholowacho akudya timabanzi tamchere tozizira ataimirira. A Vili anali atamva zolankhula zimenezi kambirimbiri moti ankadziwa pamene meya atsokomole.

Chaka chimenecho mkulu wa nyumba ya opera anaganiza zachilendo. Anati chikondwerero chikhale masana, kuti okalamba ndi ana a sukulu abwere, ndipo nyimbo yotsekera asaipereke kwa mlendo wochokera ku Budapest koma kwa amene wakhalitsa m'kwaya. Atawerenga zaka, zinagwera a Aranka. Nyimbo yathunthu, yayekha, ya m'opera yakale ya kwathu kuno, ya mayi amene amadikira mwana wake pageti.

A Aranka atamva anangoti, "Aa, pano? Mawu atapita kale?" Koma madzulo ake a Vili anawapeza akuyeserera chapansipansi uku akusenda mbatata.

Iwo a Vili mantha anawagwira. Panali chinthu chimene sanauze munthu. Khutu lawo lakumanzere, lija linakhala zaka zonsezo pafupi ndi injini yokwezera chitsulo, linali litafa. Linayamba ndi kulira ngati udzudzu, kenako zii. Kwa zaka ziwiri ankagwira ntchito ndi khutu limodzi, akupendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi, ndipo zinkayenda. Koma tsiku ili silinali loti zingoyenda. Mpata unali umodzi, wina sudzabweranso.

N'chifukwa chake Lamlungu lina anatsikira pabwalo la mdadada, pomwe a Ödön, amene asanapume ankayendetsa tiramu, kasitima ka m'misewu ya m'tauni, ankakuntha kapeti.

"Ndiye mukuti tikawombe m'manja mwa lamulo?" anafunsa a Ödön atamva nkhaniyo, akupukuta thukuta. "Inu a Vili, munthu wopemphera ngati inu?"

"Sindikuti muname. Ndikuti muyambitse. Galimoto ikakana kulira amaikankha, si kuba kumeneko."

"Nanga akayimba zoduka mutu?"

"Mkazi wanga sayimba zoduka mutu."

"Mwamumvapo liti? Mawu atatu aja?" A Ödön anaseka mpaka kutsamira kapeti. "Chabwino, achimwene, musatupe. Tibwera anthu khumi ndi awiri. Ndibweretsa ndi apongozi anga omwe, manja awo ali ngati mafosholo."

"Koma mudikire kaye. Musayambe nthawi yomweyo. Anthu ayambe atenthedwa."

"Zaka makumi anayi ndikusunga nthawi ya tiramu, mundiphunzitse kudikira ine?"

Amene anakwerapo tiramu ya a Ödön akanawachenjeza a Vili kuti inkanyamuka nthawi isanakwane. Koma a Vili anapita kukapempha malo khumi ndi awiri, ndipo anasankha a kutsogolo, mbali ya kona yawo, kuti adzamve bwino.

Tsikulo kunacha ndi nkhungu yoti ukatambasula dzanja osaona zala. A Aranka sanadye. Anamwa tiyi wothira uchi, atakulunga khosi ndi mpango, ndipo amuna awo akafunsa kanthu ankayankha ndi mutu posunga mawu. A Vili anafika kuntchito m'mawa kwambiri, anapumira pa sitepe ya makumi awiri, n'kukathira oyilo m'kachitseko ngakhale silinali Lolemba. Anathira, n'kuthiranso. Anakatsegula ndi kukatseka kasanu: osalira ngakhale pang'ono.

Zolankhula zinatenga ola lathunthu. Meya anatsokomola pamalo pake. Oyimba anasinthana, ana a sukulu akusosola mapepala a maswiti, mpaka nthawi ya nyimbo yotsekera inayandikira. A Aranka anabwera kudzaima m'mbali mwa siteji atavala diresi lobiriwira lobwereka m'chipinda cha zovala, lomwe linawathina pang'ono m'khwapa.

Kwathu kuno munthu akamakwera pa siteji pa tsiku lalikulu sitimuuza kuti ziyende bwino. Timamugunda ndi bondo kumbuyo, pang'ono chabe, ndipo iye sayankha. Makamaka sanena zikomo. Limenelo ndi tsoka, ngakhale mwana wa m'kwaya ya ana amadziwa. Anzawo a m'kwaya anadutsa mmodzimmodzi, aliyense bondo lake, a Aranka ali duu. Jolán nayenso anagunda. Omaliza anali a Vili. Anadzuka pakampando, anagwira khoma, n'kukweza bondo lija losafuna kupindika. Linangofika theka, n'kukhudza diresi.

A Aranka anatembenuka, anawayang'ana amuna awo, nkhope yotuwa, dzanja lili pakhoma.

"Zikomo, Vili," anatero.

"Mayo!" Jolán anagwira pakamwa. "Azakhali, mwatani? Bwezani! Lavulani katatu!"

"Latuluka lokha," anatero a Aranka, akuseka mwamanyazi. "Zaka zonsezi ndalisunga m'kamwa, ndatopa nalo."

Analavula mwamwambo, thu, thu, thu, koma nthawi inali itakwana. Jolán anawakankhira kuwala.

Sindinama kuti anayimba ngati mngelo. Pamwamba mawu anali ataonda, ndipo pamalo pena anapuma pomwe mtsikana sakanapuma. Koma pansi, eee, pansi panali mawu a munthu amene amadziwa kudikira. Mapepala a maswiti anasiya kulira. A Vili anakhala dzanja lili pachogwirira, maso ali pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba anamva mkazi wawo akuyimba popanda anthu makumi anayi omuphimba. Anadabwa. Anali atakhala ndi mawu amenewa m'nyumba zaka zonsezi, akuwatuma mchere.

Nyimbo inatha. Panali kachete kaja kamene oyimba amakakonda kuposa m'manja, kenako holo yonse inaphulika.

A Vili anapendeketsa mutu. Ndipo nthawi yomweyo, pafupi, momveka bwino, anamva: pha! pha! pha! Agwirizana! Msanga chonchi! Sanaganize za a Ödön. Sanaganize za apongozi a manja ngati mafosholo amene anawakhazika okha pansi pa khutu lawo lamoyo. Anangomva chimene anadikira zaka makumi atatu ndi zitatu. Pakona ya diso anaona dzanja la Jolán likukwera, chikhato chotambasula, chinthu chimene mayiyo anali asanawachitirepo. Koma dzanja lawo linali litakoka kale.

Belu linalira. Chitsulo chinayamba kutsika.

Chitsulo chathu ukachimasula sichibwerera. Anachipanga kuti chitsike ndi kulemera kwake, ngakhale magetsi atazima, mpaka chikagunde pansi. Chimatenga theka la mphindi. A Vili anatembenuza mutu kuti khutu lamoyo liloze kuholo yonse, ndipo anamva zoona zake. Anthu mazana asanu ndi awiri anali adakawomba aliyense kwake, mwamphamvu, mokondwa, asanapezane. Ogwirizanawo anali khumi ndi awiri.

Mkaka unali usanawire.

Anthu ataona chitsulo anamvera. Kunayamba aphunzitsi, kudzutsa ana kuti akafole. Okalamba anakumbukira mzere wa majasi, ndi nkhungu, ndi basi. Mipando ya m'holo mwathu imadzipinda yokha munthu akadzuka, ndipo a Vili anaimva ikulira umodziumodzi, kenako yambiri nthawi imodzi. Chitsulo chinagunda pansi, di!

A Aranka anali atabwerera kuseri monga mwa mwambo. Anaima kumbuyo kwa kachitseko, dzanja lili pachotsegulira, mutu atauweramitsa kale pang'ono pokonzeka kutuluka. A m'kwaya anaima mozungulira, wina atanyamula shawelo yawo. Onse ankamvetsera kupyola chitsulo. Kunja kuja anthu khumi ndi awiri anapitiriza. Anatsala asanu ndi atatu. Anatsala anayi. Kenako anatsala munthu mmodzi, pha, pha, pha, wamakani, ndipo aliyense wa pamdadada wathu akanazindikira kuti ndi a Ödön. Naye anasiya.

Munthu satulukira pakachitseko chifukwa cha aneba ake. A Aranka anachotsa dzanja. Anayang'ana zala zawo: zinali noninoni ndi oyilo. Anafuna kupukutira padiresi, anakumbukira kuti ndi lobwereka, n'kungoimika dzanjalo m'mwamba mpaka wina anawapatsa kansalu.

Jolán anabwera pakona. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Amalume, munamva chiyani?" anafunsa chapansipansi. "Ine ndimasuzumira. A kumipando ya kumtunda kuja anali atayamba kupezana. Mukanawerenga mpaka khumi basi."

A Vili anatseka chogwirira ndi loko wake, anapachika kiyi pamsomali, n'kukhala pakampando kudikira kuti akazi awo asinthe zovala. Anatopa kutopa kumene tulo sikuchiza. Anthu oposa mazana awiri anawatulutsira pakachitseko kaja, ena amwano, ena oledzera, ena osayenera n'komwe. Mmodzi yekhayu ndiye anamulephera.

Anatuluka omaliza, cha m'ma folo koloko, a Aranka atanyamula maluwa atatu okulunga m'pepala amene mkulu wa nyumba anawapatsa. Anayamba kutsika masitepe. Pakati paja a Vili anaima n'kuyamba kupisa m'thumba. Potsika sankapumirapo n'kale lonse. A Aranka anaima nawo.

"Aranka, pali zoti ndikuuzeni. Aja amawomba kutsogolo aja, a Ödön, ndine ndina..."

"Ndinawaona. Apongozi awo anavala chipewa chofiira, ndani sakanawaona?"

"Si zokhazo. Khutu langali..."

"Lakumanzere," anatero a Aranka. "Inu mumayesa n'chifukwa chiyani zaka ziwiri zino ndimayenda kumanja kwanu? Mumati ndikuthawa magalimoto?"

A Vili anatulutsa dzanja m'thumba.

"Tamverani, nkhalamba inu. Ine ndinati zikomo ndisanakwere. Jolán anamva, kwaya yonse inamva. Amene waononga ndine, ndi pakamwa pangapa. Mawa wina akakufunsani, muzinena choncho. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zitatu m'nyumba ya opera kunena zikomo! Adzandiseka mpaka Khirisimasi, kenako ndapita, aiwala. Inu mudakali ndi zaka ziwiri pakona paja."

"Koma si zoona."

"Ndakufunsani zoona ine?"

Anayang'anizana pamenepo, pamasitepe onunkha utoto ndi fumbi. A Vili ankadziwa kuti mkazi wawo sakhulupirira za tsoka la zikomo, sanakhulupirirepo n'kale lonse. Ankadziwanso kuti mawa nyumba yonse idzakhulupirira, chifukwa anthu a opera amakonda nkhani yotero kuposa ya khutu la nkhalamba. Manyazi anawagwira, ndi chisoni, moti anafuna kukhala pansi pomwepo.

"Sewero latha," anatero a Aranka, akukonza mpango wa amuna awo. "Tsopano ndi zololedwa. Nenani."

"Zikomo," anatero a Vili.

A Aranka anagwedeza mutu. Kenako anachita chinthu chimene anali asanachite kwa zaka ziwiri. Anazungulira kumbuyo kwa amuna awo n'kukaima kumanzere, mbali ya khutu lakufa, n'kuwagwira mkono. Ali kumeneko anayamba kulankhula, maso ali kutsogolo, mawu ambiri ndithu, chibwano chikunjenjemera. A Vili ankaona milomo ikuyenda, mawu osawamva. Akanatha kutembenuza mutu. Sanautembenuze, ndipo sanafunse.

Anadikira mpaka milomo itasiya, kenako anatsika limodzi masitepe makumi awiri otsalawo.